Phunziro la Zaumoyo: Dera Lathu ndi Kunenepa

Munthu akanenepa kwambiri timathamangira kunena kuti ndi nsima kapena ulesi. Zakudya zili ndi mbali yake ndithu, koma akatswiri a zaumoyo amafunsanso kuti: kodi dera limene munthuyo amakhala limamulola kuyenda pansi?

Poyeza kunenepa, achipatala amagwiritsa ntchito BMI. Tengani makilogalamu anu, muwagawe ndi msinkhu wanu m'mamita, zotsatirazo muzigawenso ndi msinkhu womwewo. Wolemera makilogalamu 80 wa msinkhu wa mamita 1.6 amapeza 31. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira muyezo, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumawonjezera chiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu. Mu 2016, magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa m'mizinda 14 ya m'maiko 10. Anapeza kuti okhala m'madera oyendeka bwino ankaposa anzawo ndi mphindi 68 mpaka 89 pa mlungu. Madera amenewa anali ndi nyumba zoyandikana, mphambano zambiri, masiteji apafupi ndi mapaki. Msika ukakhala pafupi, munthu amayenda osadzikakamiza.

Tisamale pomasulira zimenezi. Ena okonda kuyenda amachita kusankha madera otere, choncho sitinganene kuti msewu pawokha umachepetsa thupi.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti amayi 44 pa 100 aliwonse a ku Area 25 ku Lilongwe anali opitirira muyezo, pomwe kumidzi ya ku Karonga anali 27. Zifukwa ndi zingapo, koma mayendedwe ali m'gulumo. Lilongwe ndi mzinda womwazikana, misewu yambiri ilibe poyenda anthu, ndipo kukada mantha a akuba amatikweza kabaza ngakhale pa mtunda waufupi.

Ambirife tikamaliza maphunziro tidzakhala pa desiki tsiku lonse. Pofuna nyumba ya lendi, tidzafunse za madzi ndi magetsi, tidzawerengenso mphindi zoyenda pansi kukafika kumsika, kutchalitchi ndi ku siteji.

Mafunso okambirana
1. Werengerani BMI yanu. Muli m'gulu liti?
2. Mlungu wathawu munayenda pansi mphindi zingati?
3. N'chiyani chimalepheretsa anthu kuyenda pansi m'dera lanu, ndipo khonsolo ingachitepo chiyani?