Zoyenera Kuchita Injini ya Pikapu Yakale Isanaikidwe Turbo

Anthu ambiri a kumidzi amadalira pikapu potengera zokolola kumsika. Fodya wopita ku Kanengo, chimanga cha ku Mitundu ndi mbatata ya kachewere ya ku Dedza, zonsezi zimakwera pa magalimoto amenewa. Ambiri mwa iwo ndi a Toyota Hilux akale, okhala ndi injini za dizilo zotchedwa 2L, 3L kapena 5L. Injinizi n'zolimba ndithu, koma pachitunda zimafooka. Tsono eni ake ena akafika kwa amakaniko a ku Kawale mu Lilongwe amapempha kuti awaikire turbo. Phunziro la mwezi uno lifotokoza zoyenera kuchitika chida chimenechi chisanamangidwe.

Kodi turbo n'chiyani?

Injini ifuna zinthu ziwiri kuti ikoke katundu: mafuta ndi mpweya. Turbo ili ndi timagudumu tiwiri tamapiko pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka m'injini uzunguza kagudumu kamodzi, ndipo kanzake kakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Timagudumuto tizungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Nzeru imeneyi anaitulukira ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland m'chaka cha 1905.

Lilongwe ali pamtunda wa mamita ngati 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo boma la Dedza lili pamwamba koposa apo. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, kotero injini yopanda turbo itaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake mu Lilongwe momwemo. Turbo ibweza mphamvu imeneyi.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mpweya ndi mafuta zikachuluka, moto wa m'silinda ukulanso. Injini za 2L, 3L ndi 5L zipanikiza mpweya pafupifupi ka 22, pamene ya 2L-T, imene inabwera ndi turbo kuchokera kufakitale, anaipanga kuti izipanikiza pang'ono kuchepera apo. Chifukwa chake injini yakale iyenera kuyesedwa bwino poyamba.

Choyamba: kuyesa masilinda

Makaniko ayese mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji. Pa geji yowerenga kg/cm², silinda yabwino ya injini zimenezi ionetsa 32. Yochepera 20 yatha, ndipo masilinda asasiyane koposa 5. Ngati injini idya oilo, kapena itulutsa utsi wobiriwira, maring'i asinthidwe kaye. Turbo sichiza injini yodwala, ingoifulumizitsa kumanda.

Chachiwiri: madzi

Redieta itsukidwe, mapaipi ong'aluka achotsedwe, pampu ya madzi ndi thermostat ziyesedwe. Injini zimenezi zikatentha kwambiri, silinda hedi ing'ambika, ndipo mtengo wa ina si wamasewera. Lamba wa taimingi, amene ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, aonedwenso nthawi yomweyo.

Chachitatu: oilo

Turbo ikhala moyo ndi oilo woyera. Pafunika kapaipi kobweretsa oilo kuchokera m'injini, ndi paipi ina yokulirapo yomutsitsira kusampu, yolowa pamwamba pa pomwe oilo alekezera. Oilo ndi fyuluta zikhale zatsopano. Sefa ya mpweya nayonso ikhale yabwino, pakuti fumbi la m'misewu ya kumidzi lidya timapiko tija msanga.

Chachinayi: mafuta

Manozo ndi pampu ya dizilo zipite kwa munthu wokhala ndi makina oyesera. Kuwonjezera mafuta mongoganiza n'koopsa. Utsi wakuda usonyeza kuti dizilo wachuluka, ndipo kutentha kwake kungasungunule mapisitoni. Amisiri odziwa amalangiza kuti pa injini yosabadwa ndi turbo mpweya usapitirire theka la bar, ndiponso kuti paikidwe geji yoonetsa kutentha kwa utsi pamene dalaivala angaione.

Turbo itamangidwa

Dalaivala asathamangitse injini yozizira m'mawa. Akafika paulendo wautali, aisiye ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri asanaizime, kuti oilo aziziritse turbo. Akumbukirenso kuti mabuleki, matayala ndi masipuling'i ndi akale omwe aja. Mphamvu yawonjezeka, koma muyezo wa katundu sunasinthe.

Pomaliza, mwini galimoto awerengere ndalama zake asanavomere ntchito. Kawirikawiri pikapu yofooka imangofuna manozo abwino, sefa yatsopano ndi maring'i, ndipo ikatero ikwera chitunda cha Dedza popanda turbo. Iye amene alumpha mayeso amenewa angapulumutse ndalama zochepa lero, koma mawa galimoto ifera panjira, mabelo a fodya ali pamwamba, mvula ili kubwera. Kuthamanga sikufika.