Chittor, Mzinda wa pa Phiri

Tsopano mukutha kuŵerenga nokha. Tiyeni lero tiŵerenge za dziko lakutali. Ku India, m'chigawo cha Rajasthan, kuli phiri lotalika mamita 180. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, malo okwana maekala pafupifupi 700. Pamenepo pali mzinda wakale wozingidwa ndi linga la miyala. Dzina lake ndi Chittor, ena amati Chittorgarh.

Eni mzindawu anali anthu otchedwa Rajput, anthu odziŵa nkhondo. Dziko lawo linali Mewar, ndipo Chittor linali likulu lawo.

Kodi anaumanga bwanji?

Munthu wofuna kuloŵa mumzindamo amakwera njira yokhotakhota, ndipo amadutsa zipata 7. Kale chipata chilichonse chinali ndi alonda. Mdani akathyola chimodzi, ankapeza china chikumudikira kutsogolo.

Mukudziŵa kuti paphiri madzi ndi osoŵa. Tsono anthuŵa anakumba maiŵe ndi zitsime 84 zosungira madzi a mvula. Lero zatsala 22. Palinso kasupe wotuluka m'thanthwe wotchedwa Gaumukh, ndiye kuti "pakamwa pa ng'ombe". Motero adani akazinga phiri, anthu a m'kati ankatha miyezi yambiri osafa ndi ludzu.

Mzinda unagwa katatu

Mungaganize kuti malo otere sangagonje. Koma Chittor anagwa katatu.

Koyamba munali mu 1303. Alauddin Khalji, mfumu ya ku Delhi, anazinga phirili pafupifupi miyezi 8 mpaka analilanda. Patapita zaka, a Rajput anautenganso mzinda wawo. Mfumu yawo ina, Rana Kumbha, inamangamo nsanja yotalika mamita 37 yokumbukira nkhondo imene inapambana. Nsanjayo ilipobe.

Kachiŵiri munali mu 1535, pamene anabwera Bahadur Shah wa ku Gujarat. Anthuŵa anali ndi mwambo woopsa wotchedwa jauhar. Akaona kuti zinthu zavuta, amayi ankasonkha moto waukulu n'kudziponyamo kuti asagwidwe ukapolo. Amuna ankatsekula zipata n'kupita kukafera kunkhondo. Chaka chimenecho mfumukazi Karnavati ndiye anatsogolera amayi pamotopo.

Mwana amene anapulumuka

Karnavati anasiya mwana wamwamuna, Udai Singh. Wachibale wina, Banvir, anafuna kupha mwanayo kuti ufumu ukhale wake. Anthu a kumeneko amasimba kuti mlezi wa mwanayo, dzina lake Panna, anagoneka mwana wake weniweni pakama pa mwana wa mfumu. Banvir anapha mwana wa Panna osadziŵa. Udai Singh anamuthaŵitsa atamubisa m'dengu. Atakula analoŵa ufumu, ndipo mu 1559 anayamba kumanga mzinda watsopano pakati pa mapiri, m'mbali mwa nyanja. Mzindawo ndi Udaipur.

Mu 1567 kunabwera mdani woposa onse, Akbar, mfumu ya a Mughal. Iye anali ndi mizinga ndi wonga wambiri. Nduna zinalangiza Udai Singh kuti achoke, ndipo iye anamvera nathaŵira kumapiri. Mzinda anausiya m'manja mwa akazembe aŵiri, Jaimal ndi Patta.

Asilikali a Akbar anakumba ngalande pansi pa linga, nathiramo wonga, naphulitsa. A m'kati ankatseka mipatayo usiku. Zinatero miyezi 4. Paja akulu amati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo. Koma mu February 1568 Jaimal analasidwa ndi chipolopolo. Amayi anasonkhanso moto uja, amuna anafera pazipata, ndipo Akbar analamula kuti aphedwe anthu wamba zikwizikwi amene anathaŵira m'lingamo.

Mu 1615 mdzukulu wa Udai Singh, Amar Singh, anapangana za mtendere ndi a Mughal. Chittor anabwezedwa kwa eni ake, koma anawaletsa kukonzanso linga. Kuyambira pamenepo mzindawu sunakhalenso likulu. Mu 2013 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Taganizani bwino. Amene anatsala m'linga anafa, ndipo amatamandidwa mpaka lero. Amene anathaŵa, ena ankamunena kuti ndi wamantha. Komatu chifukwa cha iye ufumu wa Mewar sunathe, unapitirira ku Udaipur kwa zaka pafupifupi 400. Nanga inu mukanakhala nduna, mukanailangiza chiyani mfumu?

Mafunso

1. Kodi anthu a ku Chittor ankapeza bwanji madzi?
2. Tchulani zaka zimene mzindawu unagwa.
3. Kodi Panna anachita chiyani?
4. Kambiranani ndi anzanu: kodi Udai Singh anachita bwino kuthaŵa? Lembani yankho lanu m'mizere itatu.