Apongozi akundiletsa kumwa Fansidar

Azakhali,
Ndili ndi pathupi pa miyezi inayi, ndipo m'poyamba. Kusikelo anandimwetsa Fansidar, koma apongozi akuti ndisadzamwenso poti mankhwala owawa amachotsa pathupi. Akutinso boma lenilenilo linasiya kalekale kuchizira malungo Fansidar. Chonsecho ine sindikudwala. Nditani?
Wothedwa nzeru, Mkanda, Mchinji

Mwanangu,
Pitiriza kumwa. Kusamva kuphwanya m'thupi sikutanthauza kuti ulibe malungo. Mwa mayi woyembekezera, makamaka wa pathupi poyamba ngati iwe, tizilombo ta malungo timakabisala m'nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya. Mayi amangolima, kutunga madzi, osadziwa kanthu, uku magazi akumuchepera, mwana n'kudzabadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Izi anazifufuza ku Mangochi konkuno, pa amayi a dziko lathu lomwe lino, ndipo m'chaka cha 1993 dziko la Malawi linatsogola mu Africa kuteteza amayi oyembekezera ndi Fansidar.

Apongozi ako usawanyoze, akuopera mdzukulu wawo, ndipo pena akunena zoona. M'chaka cha 2007 boma linasinthadi n'kuyamba kuchiza malungo ndi LA chifukwa tizilombo tinali titaizolowera Fansidar. Koma kuchiza wodwala ndi kuteteza mwana wam'mimba ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kafukufuku wa IMPROVE, yemwe anachitika ku Malawi, Kenya ndi Tanzania ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anayerekeza Fansidar ndi mankhwala atsopano. Atsopanowo anaposa pogonjetsa malungo, komabe ana a amayi omwe ankamwa Fansidar ndiwo anabadwa olemerako. Za kuwawazo, mphamvu ya mankhwala sitiyeza ndi lilime. Nthawi yofunika kusamala ndi miyezi itatu yoyambirira, n'chifukwa chake anamwino sapereka Fansidar pathupi pasanakwane masabata 13. Iwe unadutsa kale pamenepo. Uzimwa mapilitsi atatu mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu usanachire, ndipo uzigona m'neti usiku uliwonse.

Pali awiri okha oyenera kuipewa: yemwe akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV, ndi yemwe mankhwala a mtunduwu anamutulutsapo zidzolo kapena zilonda. Ngati ndiwe mmodzi wa iwo, uwauze anamwino. Tsiku la sikelo likakwana, uwapemphe apongoziwo mwaulemu akuperekeze, akafunse okha mafunso awo. Ukadzamva kutentha thupi, usadalire Fansidar. Thamangira kuchipatala akakuyeze magazi tsiku lomwelo.