Akakugwirani pa Liwiro Koma Simukuvomereza

Lero tiyankhule ndi inu oyendetsa galimoto. Apolisi apamsewu akuimitsani pa M1, akuti kamera yawo yakuonani mukuthamanga kupyola muyezo, koma inu mukudziwa bwino kuti simunatero. Mutani?

Musakangane nawo pamsewu, ndipo chonde musapereke kangachepe. Chiphuphu ndi mlandu waukulu kuposa wa liwirowo. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni zomwe kamerayo yajambula: nambala ya galimoto, nthawi ndi liwiro lake. Dziwaninso kuti mukalipira chindapusa pomwepo, ndiye kuti mwavomera kulakwa. Ngati mukukana, nenani kuti mukufuna nkhaniyo ipite kubwalo la majisitireti.

Musanachoke pamalopo, jambulani ndi foni. Kodi chikwangwani cha liwiro chilipo? Chikuoneka, kapena chabisika m'mitengo, kapenanso chinagwa kale? Panali magalimoto ena pafupi ndi inu? Izi n'zimene zimathandiza kukhoti, osati mawu akuti "ndimafulumira kumaliro". Amene munakwera nawo akhoza kukhala mboni zanu.

Tsiku la mlandu likafika, musajombe, chifukwa khoti likhoza kulamula kuti mumangidwe. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, choncho udindo wobweretsa umboni uli kwa apolisi. Muli ndi ufulu wofunsa mafunso wapolisi amene anakugwiraniyo, ndipo ngati Chingerezi chikuvuta, pemphani womasulira.

Koma ngati munathamangadi, abale anga, lipirani ndipo mutenge lisiti ya boma.