Usanatole Zotsala za Kukhitchini, Yamba Wasonkhanitsa Masamba Ouma

Mphwanga, akuti watopa ndi maganyu a m'magadeni, ukufuna kuyamba geni yopanga manyowa ndi zotsala za kukhitchini konkuno ku Capital Park, mu Pretoria. Maganizo ndi abwino, koma khala pansi umve chimene chinandigwetsa ine chaka choyamba.

Chinali dyera. Malo ena odyera anayamba kundipatsa migolo itatu pa sabata, ine n'kumati ndalemera. M'migolomo munali mpunga, mafupa a nkhuku, mafuta ndi majumbo. Ndinakhuthulira zonse pamulu umodzi kuseri kwa nyumba ya lendi. Unali mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo masana, mvula ikugwa madzulo. Sabata ziwiri zisanathe, fungo linali litadumpha mpanda, ntchentche ndi makoswe zitamanga mudzi. Mwini nyumba anandiuza kuti ndilongedze.

Ndinali nditaiwala za kumudzi. Alangizi a zaulimi potiphunzitsa manyowa a chimato kapena a changu, sankaunjika zaziwisi zokhazokha. Ankayala mapesi ndi udzu wouma, pamwamba zaziwisi, kenako ndowe, n'kubwerezanso. Kuno mapesi kulibe, koma Pretoria ndi mzinda wa mitengo ya jacaranda. M'nyengo yozizira masamba amayoyoka, eni nyumba n'kumawalonga m'matumba akuda kuti akatayidwe. Makomo amenewa umawadziwa, ndiwe umasesamo. Pempha masambawo, uwasunge pouma. Ndowa imodzi ya makoko a mbatata, nthochi ndi kabichi imafuna ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma. Zikachepa, ng'amba makatoni. Nyama, nsomba ndi mafuta uzikana, ngakhale wokupatsayo akhale bwana wako.

Mulu ukhale wofika m'chiuno, mita imodzi mbali zonse. Zika ndodo pakati, uizule patatha masiku atatu: ikatentha, zinthu zili bwino. Amene ali ndi choyezera amafuna madigiri 55 mpaka 65, kutentha kopha mbewu za udzu ndi tizilombo. Finya manyowa m'manja: atuluke dontho limodzi kapena awiri basi. Tembenuza ndi foloko sabata iliyonse. Ukamva fungo la dzira lovunda, madzi achuluka, onjezera zouma. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amada, n'kumanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Ogulitsa osapsa amawotcha mbande za kasitomala, ndipo kasitomala wotero sabweranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za ndalama, usadalire kugulitsa matumba kokha, pakuti mulu ukapsa umaphwa mpaka theka. Lipiritsa potola. Khomo lililonse ulipatse ndowa ya malita 20 ya chivundikiro, uzikasinthitsa ndi yotsuka tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, iwo azilipira pamwezi. Yamba ndi makomo khumi ofikika pa wilibala, monga cha ku Flowers Street ndi Van Heerden Street. Zovunda za ku Tshwane Market zidzakukopa poti ndi zambiri, koma hayala ya bakkie idzadya phindu lonse, ndipo walira mvula walira matope. Lemba m'kope ndowa iliyonse yolowa ndi thumba lililonse lotuluka.

Kumbukiranso kuti kuno ndi kwa eni. Dziko lino lili ndi lamulo la zinyalala, Waste Act ya 2008, ndipo khonsolo ya Tshwane ili ndi malamulo akeake. Kafunse usanayambe, mapepala ako akhale olongosoka, ndipo mwini malo akulembere chilolezo. Thumba loyamba kupsa ukapereke ulere kwa aneba a kuseri kwa mpanda, chifukwa mphuno zawo ndizo zingakutsekere geni.

Chaka chino usalandire ndowa ngakhale imodzi mpaka utadzaza matumba 50 a masamba ouma. Ukawadzaza, ubwere ndikubwereke foloko yanga.