Penti wa injini ndi wa ekizozi: werengani chitini musanalipire

Njinga yamoto ya kabaza ikatha chaka ikuyenda pakati pa Nchalo ndi Ngabu, choyamba kukalamba ndi ekizozi. Imayamba kufiirira pafupi ndi injini, kenako dzimbiri limatsika mpaka kumchira. Kuno kuchigwa cha Shire zodya chitsulo n'zambiri: matope a m'dzinja, madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, komanso madzi amchere a m'mijigo ina ya m'Chikwawa amene timatsukira njinga ndi magalimoto. Choncho kupenta n'koyenera. Vuto limayambira ku hadiweya, pamene munthu wagula penti wa zitseko ndi mawindo n'kukapaka pachitsulo chimene chimapsa. Ulendo umodzi wokha pentiyo amafewa, amachita matuza, amanunkha, kenako n'kumatuka.

Penti wopirira moto alipo wamitundu iwiri, ndipo aliyense ali ndi malo ake.

Woyamba ndi wa thupi la injini, amene pachitini amalemba kuti engine enamel. Injini ya galimoto yoziziritsidwa ndi madzi imayenda pa madigiri 90 mpaka 100 kapena kupitirirapo pang'ono, pamene penti ameneyu nthawi zambiri amapirira mpaka 260°C. Ubwino wake wina ngwakuti akauma bwino, oyilo ndi petulo sizimusungunula msanga. Ameneyu ndi woyenera pa buloko, pa chivundikiro cha pamwamba, pa injini ya chigayo ndi pa kainjini kopopera madzi kudimba.

Wachiwiri ndi wa ekizozi, wolembedwa kuti high heat kapena exhaust paint. Pamene utsi ukutulukira mu injini chitsulo chimatha kutentha kupitirira 500°C, ndiye musagule wochepera 600°C.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri amataya ndalama pa kalemba kamodzi. Zitini zina zimalemba kutentha ndi C, zina ndi F, makamaka zochokera ku America. Mukaona 500°F musasangalale, ameneyo ndi 260°C basi, wa thupi la injini. Wa ekizozi wolembedwa ndi F azikhala cha m'ma 1200°F, amene ndi pafupifupi 650°C. Wogulitsa akangoti "ndi wa moto uyu, bwana" koma pachitini palibe nambala iliyonse, chisiyeni pashelefu. Ngati ku Bangula kapena ku Nsanje boma simunampeze, ndi bwino kutuma munthu wopita ku Blantyre kapena ku Limbe, mutamulembera nambalayo papepala.

Ena amaganiza kuti agule wa ekizoziyo n'kupaka paliponse poti ndi wamphamvu. Ayi. Penti ameneyu amalimba pokhapokha akaotchedwa ndi moto waukulu. Pa buloko moto wotero sufika, choncho amakhalabe wofewa ndipo petulo akadonthapo amamuchotsa.

Ntchito yaikulu ili pokonza chitsulo. Injini izizire kaye ndithu. Chotsani oyilo ndi girisi ndi mankhwala otsukira injini, kenako palani dzimbiri ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiyere. Pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa ndi thinazi. Mukasisita ndi chala n'kuona chakuda, simunamalize. Palafini ndi dizilo musamalizire nazo chifukwa zimasiya mafuta, ndipo penti sagwira pamafuta. Ekizozi yonyezimira iyenera kukalidwa ndi sandipepa kuti kunyezimira konse kuchoke. Andakoti wamba musaike pansi pa penti wa ekizozi, amapsa n'kunyamula wapamwambayo. Phimbani ndi nyuzipepala ndi tepi mapulagi, mawaya, mapaipi a rabala, polowera mpweya, pokhala gasiketi ndi pamene waya wa batire amagwira chitsulo.

Nthawi yopentera ndi nkhani ina kwathu kuno. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kumatentha kupitirira 40°C, ndipo chitsulo chokhala padzuwa chimaposa pamenepo. Penti wopopera amauma ali m'malere, n'kutera ngati mchenga. Pentani m'mawa, pamthunzi, panja podutsa mpweya koma popanda fumbi. Kuwaza madzi pansi mozungulira kumathandiza kuti fumbi lisabuke. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, poperani chili pa mtunda wa masentimita 25 mpaka 30, mopyapyala, kawiri kapena katatu, mukudikira pakati monga alembera pachitinipo. Mbaula ndi fodya zikhale kutali, ndipo mphuno ndi pakamwa muphimbe.

Eni njinga zamoto asamale kwambiri ndi timapiko ta injini. Njinga zambiri za kabaza zilibe rediyeta, zimazizira ndi mphepo yodutsa m'timapikoto. Penti wochindikala pamenepo amasunga moto mkati. Ngati mufuna kupakapo, kakhale kopyapyala kwambiri. Ndipo penti aliyense saziziritsa injini. Minibasi imene imawira pokwera Thabwa ikufunika makaniko aone rediyeta, fani ndi pampu ya madzi.

Penti wa ekizozi akauma, muotcheni pang'onopang'ono. Lizani injini osayenda kwa mphindi 10, zimitsani izizire mphindi 20, lizaninso mphindi 20, izizirenso, ndiye muyende ulendo wa theka la ola. Padzatuluka kautsi ndi fungo, zimenezo zisakuopseni, koma chitani izi panja. Dikirani sabata musanatsuke, ndipo potsuka gwiritsani madzi opanda mchere. Chitini chotsala musachisiye m'galimoto kapena pansi pa malata otentha, chifukwa chikapitirira 50°C chimatha kuphulika, ndipo chikatha musachiponye pamoto wa zinyalala.