Difu ya Galimoto Iyesedwe Isanacoke kwa Makanika

Alimi ambiri a ku Chongwe, ku Rufunsa ndi ku Nyimba amene ali ndi mavaneti onyamulira katundu amakakonzetsa ku Lusaka akatha kugulitsa zokolola zao. Ku Chilenje, ku Matero ndi ku Chawama kuli amakanika ambiri, ena m'magalaja, ena pa mabwalo a nyumba zao, ndipo zitsulo zipezeka msanga m'tauni kuposa kumudzi. Koma kuli cilema cimodzi cimene sicioneka pa mseu wa phula. Cidikira mvula ya mwezi wa December, galimoto itasenza matumba a feteleza kapena mabokosi a matimati a ku Soweto Market, ndipo cionekera pa dambo, kutali ndi makanika amene anaikonza. Cilema cimeneci cikhala mu difu, citsulo cobulungira ngati dzungu ciri pakati pa magudumu awiri a kumbuyo.

NCHITO YA DIFU

Mlimi ali yense wolima ndi ng'ombe adziwa kuti potembenuka kumapeto a munda, ng'ombe ya kunja iyenda mtunda wautali kuposa ya mkati. Magudumu a galimoto atero naonso pokhota. Pa ngolo palibe bvuto, pakuti gudumu liri lonse lizungulira pa lokha. Koma pa galimoto magudumu onse awiri akankhidwa ndi injini imodzi, kudzera mu citsulo cacitali ca pansi cochedwa propushafti. Difu ndiyo igawa mphamvu imeneyi kwa magudumu awiriwo, nilola la kunja kuthamanga kuposa la mkati. Nzeru iyi si ya lero. Munthu wa ku France, Onésiphore Pecqueur, analembetsa difu ya galimoto yoyendera nthunzi ca m'ma 1827.

MITUNDU IWIRI

Mtundu woyamba ndiwo difu wamba, imene amakanika aicha open diff. Iyo ipatsa magudumu onse awiri mphamvu yofanana nthawi zonse. Tsono gudumu limodzi likaponda matope oterera, mphamvu yocepa yokha ikwanira kulizunguza, ndipo linzace, ngakhale liri pouma, lilandira yocepa yomweyo. La m'matope lingozungulira ndi kukumba dzenje, la pouma litaima du.

Difu wamba siiri yoipa. Njolimba, njosabvuta kukonza. Ku nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, m'mene Dr. Kenneth Kaunda anakhala kuyambira January 1960 kufikira December 1962, asungako Land Rover ya pa nthawi yomenyera ufulu. Ma Land Rover ambiri a zaka zimenezo anali ndi difu wamba kumbuyo ndi kutsogolo komwe, koma anali kupyola m'matope cifukwa magudumu a kutsogolo anali kukoka naonso. Vaneti yokankhidwa ndi magudumu a kumbuyo okha iribe cithandizo cotere.

Mtundu waciwiri ndiwo limited-slip, umene pofupikitsa aulemba LSD. M'kati mwace muli timbale tacitsulo topyapyala, topanikizana monga mbale za kalachi. Gudumu limodzi likayamba kuterera, timbaleto tigwirana ndi kutumiza gawo la mphamvu ku gudumu loponda pouma. Kampani ya ZF ya ku Germany inapanga difu ya LSD mu 1935 kaamba ka magalimoto a mpikisano, koma lero ipezeka m'ma Toyota Hilux ndi Land Cruiser ambiri a anthu wamba. Isasokonezedwe ndi copondapo ca pa thalakitala cochedwa diff lock, cimene cimanga magudumu onse awiri pamodzi kotheratu. LSD ingocepetsa kuterera, siimanga.

ZIMENE ZILAKWIKA POKONZA

Kawiri-kawiri difu ikaonongeka, makanika saikonza m'kati, koma agula ina yathunthu yocotsedwa pa galimoto yakufa. Kunja mitundu iwiriyi ifanana ndithu, motero difu wamba ikhoza kulowa m'malo mwa LSD popanda munthu kufuna kunyenga mnzace. Caciwiri, mu LSD akhoza kuthiramo oilo wamba. Cacitatu, difu yobwerayo ikhoza kukhala ndi mano a ciwerengero cosiyana ndi yakale. Zitatu zonsezi mwini galimoto akhoza kuzizindikira yekha ndi jeke, coko, ndi mnzace mmodzi womuthandiza kupenya.

KUYESA KOYAMBA: MTUNDU WA DIFU

Galimoto iime pamalo osalala ndi olimba, injini itazimidwa. Magudumu a kutsogolo achingidwe ndi miyala kumbuyo ndi kutsogolo. Mbali ya kumbuyo itukulidwe ndi jeke kufikira magudumu onse awiri alendewera, ndipo pansi pace paikidwe zipika za mtengo wolimba. Njerwa siziyenera, pakuti ziphwanyika mwadzidzidzi. Giya ikhale pa nyutala, buleki ya dzanja imasulidwe, ndipo ngati galimoto ikoka ndi magudumu onse anai, ibwezedwe pa awiri okha.

Tsono mwini galimoto azunguze gudumu limodzi ndi manja, mnzace alikupenya linalo. Linalo likazungulira colozera kumodzi, difu imeneyo ndi LSD ya timbale. Likazungulira mobwerera m'mbuyo, kapena likangoima, ndi difu wamba, kapena LSD imene timbale tace tinatha. Pofuna kutsimikiza, atsitse gudumu limodzi pansi ndi kuyesa kuzunguza lotsala m'mwambalo. Pa LSD yamoyo gudumulo likana, lifuna mphamvu yambiri. Pa difu wamba lizungulira mopepuka.

Kuli mtundu wina wa LSD wopanda timbale, wogwira ndi mano okha-okha, monga wochedwa Torsen. Umenewu poyesedwa m'mwamba ucita ngati difu wamba, cotero nkwabwino kupenyanso kapepala komatidwa pa difu kapena buku la galimotoyo asanayambe kukangana ndi makanika.

Cenjezo lalikuru ndi ili: munthu asalize injini ndi kulowetsa giya gudumu limodzi liri pansi. Ngati difu ndi LSD, gudumu la pansilo lidzakankha galimoto kucoka pa jeke, ndipo amene ali pafupi adzapsinjika.

KUYESA KWACIWIRI: CIWERENGERO CA MANO

Propushafti izungulira kangapo kuti gudumu lizungulire kamodzi. Pa ma Land Rover akale aja ciwerengero cinali 4.7, ndiko kuti propushafti inali kuzungulira kanai ndi kupitirira theka. Pa mavaneti ena ndi 4.1, ena 4.3, ena 4.56. Mwini galimoto alembe mzere ndi coko pa propushafti, wina pa tayala. Ngati difu ndi LSD, magudumu onse awiri ali m'mwamba, azunguze tayala kamodzi, mnzace alikuwerenga propushafti. Ngati ndi difu wamba, gudumu limodzi likhale pansi, ndipo la m'mwamba lizunguzidwe kawiri. Zimene awerenga ndico ciwerengero ca difuyo, ndipo ciyenera kulingana ndi ca yakale.

Cikasiyana, wochi yoonetsa liwiro inama, ndipo galimoto ikhoza kufooka pokwera mapiri a pa Great East Road potsata ku mlato wa Luangwa. Pa galimoto yokoka ndi magudumu onse anai ngozi njaikuru koposa. Difu ya kumbuyo ndi ya kutsogolo zikasiyana, zilimbana monga ng'ombe yaitali ndi yaifupi m'goli limodzi, kufikira mano athyoka kapena bokosi la magiya lionongeka.

KUYESA KWACITATU: OILO NDI PHOKOSO

Difu ifuna oilo wolemera wa magiya, wa cizindikiro ca GL-5, monga 80W-90. Koma LSD ya timbale ifuna wolembedwa LSD pa cigubu cace, cifukwa muli mankhwala othandiza timbaleto kutsetsereka mosalala. Mukathiridwa oilo wamba, timbale tigwira ndi kutaya, kugwira ndi kutaya, ndipo pokhota pang'ono-pang'ono galimoto injenjemera kumbuyo ndi kulira kuti gugugu. Kawiri-kawiri mankhwala ace ndiwo kukhetsa oiloyo, kuthira woyenera, ndi kuyendetsa galimoto pang'ono-pang'ono pabwalo, kukhotera kumanja ndi kumanzere ngati nambala 8, kokwana khumi. Oilo ayenera kufika pakamwa pa ciboo cothirira, galimoto itaima posalala. Oilo woyera ngati mkaka asonyeza kuti munalowa madzi pooloka mtsinje, ndipo ayenera kucotsedwa tsiku lomwelo.

Si phokoso liri lonse la kumbuyo limene licokera ku timbale. Kulira kosalekeza ngati mluzu, kosintha woyendetsa akaponda kapena kuleka mafuta, kusonyeza kuti mano akuru a difu sanalumanitsidwe bwino pomanga, kapena maberingi ace atha. Mkokomo wokula pokhotera mbali imodzi ndi kucepa pokhotera mbali ina ucokera ku beringi ya gudumu. Kugunda kamodzi kuti khu ponyamuka kusonyeza mpata waukuru pakati pa mano, kapena mfundo za propushafti zakutha. Mwini galimoto akamfotokozera makanika nthawi yeni-yeni imene phokoso limveka, nchito ifupika ndipo ndarama sizitayika pogula zitsulo zosafunika.

Matayala aonedwenso. Awiri a kumbuyo akasiyana kukula, laling'ono lizungulira msanga ngakhale pa mseu woongoka, ndipo timbale ta LSD tipekesana ulendo wonse kufikira titatha. Tayala lapadera losiyana ndi anzace liyenera kuikidwa kutsogolo ngati nkotheka.

ZOYENERA KUPANGANA NDI MAKANIKA

Mlimi wanzeru ayesa difu yace asanapereke galimoto, kuti adziwe cimene anabwera naco. Amuuza makanika mtundu wace ndi ciwerengero cace, napempha kuti zilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la oilo. Apemphanso kuti difu yakale isungidwe kufikira nchito itayesedwa, ndi kuti aone cigubu ca oilo cisanatsegulidwe. Makanika wodziwa nchito yace sakwiya ndi zimenezi, pakuti zimchinjiriza iyenso pa mlandu wa m'tsogolo.

Ngati LSD siipezeka kapena mtengo wace wapambana thumba, difu wamba ikhoza kugwira nchito zaka zambiri, malinga mwini wace adziwa. Pamenepo ayenera kulipira mtengo wa difu wamba, kuika katundu wolemera pamwamba pa magudumu a kumbuyo, ndi kunyamula khasu, cingwe ndi thabwa m'nyengo ya dzinja. Kuyesa konseku sikutha ora limodzi, ndipo kucitike pabwalo la makanika pomwepo, mwini galimoto asanapereke ndarama zotsala.